Mwana wanga amuika mu Tier 2, kodi sukulu yamugamula kuti ndi wofooka?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akukhala ku America. Mwana wawo wamwamuna ali giredi 1. Sukulu yawalembera kalata kuti mwanayo ayamba kulandira chithandizo chowonjezera chotchedwa Tier 2 pa kuwerenga, komanso kuti m'kalasi mwake muzibwera munthu wotchedwa instructional coach. Amayiwa akufunsa ngati mwana wawo waikidwa m'gulu la ana osagwira mutu, ngati kochiyo akubwerera mwana wawoyo, ndiponso ngati vuto layamba chifukwa choti kunyumba amalankhula Chichewa.

Amayi, mtima pansi. Kalata imeneyo si chigamulo. Ndi lonjezo la sukulu, ndipo inu muli ndi ufulu wonse wolilondola.

Kale ku America mwana ankayamba wavutika zaka zingapo asanathandizidwe. Ankadikira mpaka kusiyana kwa zotsatira za mayeso oyeza nzeru (IQ) ndi mmene mwana akukhozera m'kalasi kukule mokwanira, ndiye nkumati ali ndi vuto la kuphunzira. Pofika nthawi imeneyo mwana amakhala atadana kale ndi buku. Mu 2004 lamulo la maphunziro a ana olumala, IDEA, litakonzedwanso, linalola sukulu kuyamba kuthandiza mwana msanga ndi kuona mmene akusinthira. Njirayi anaitcha Response to Intervention, ndipo masiku ano sukulu zambiri zimati MTSS (Multi-Tiered System of Supports, kutanthauza chithandizo cha masitepe angapo) chifukwa zinaphatikizamo khalidwe la mwana.

Njirayi ili ndi masitepe atatu. Tier 1 ndi phunziro la kalasi yonse, ndipo chiyembekezo nchakuti ana pafupifupi 80 mwa 100 alionse azikhoza ndi phunziro limeneli lokha. Ana onse amayesedwa mwachidule, kawirikawiri katatu pachaka. Amene atsalira amapita Tier 2, kagulu ka ana atatu, anayi kapena asanu, mphindi 20 mpaka 40, masiku atatu mpaka asanu pa sabata, kuphunzira chinthu chenichenicho chimene chawavuta. Tier 3 ndi ya ana ochepa kwambiri, mwina 5 mwa 100, amene amafunika chithandizo cha tsiku lililonse, nthawi zina mwana mmodzi ndi mphunzitsi wake. Mwana sakhazikika pa sitepe. Akagwira, amabwerera.

Kochiyo sakubwerera mwana wanu. Akubwerera aphunzitsi ake. Kochi amakhala mphunzitsi wodziwa ntchito amene anasiya kalasi yake kuti azithandiza anzake. Amakhala kumbuyo nkumaonerera phunziro, nthawi zina amaphunzitsa yekha mwini kalasi akuona, kenako awiriwo amakhala pansi ndi zotsatira za ana nkugwirizana chinthu chimodzi choti asinthe. Sabata yotsatira amabweranso kudzaona ngati chatheka.

Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'kalasi ya ana 24, ana 12 akalephera mayeso a kuwerenga, simunganene kuti ana 12 onsewo ali ndi vuto. Chofunika kukonza ndi phunzirolo. Mukangowatulutsa onse kupita ku timagulu, timaguluto timadzaza, ndipo mwana amene akuvutikadi amasowa malo. Kochi wabwino amateteza mwana wanu kuti asasenze mlandu wa kaphunzitsidwe kosalongosoka. Kafukufuku akuvomereza. Mu 2018 Matthew Kraft, David Blazar ndi Dylan Hogan anasonkhanitsa kafukufuku 60 wokhudza makochi a aphunzitsi, ndipo anapeza kuti kaphunzitsidwe kamasintha kwambiri, ana nawo nkumakhoza bwinoko. Anapezanso kuti pulogalamu ikakula kwambiri phindu lake limachepa. Nzomveka, kochi mmodzi sangadziwe makalasi ambirimbiri.

Amene tinaphunzira ku Malawi tingakumbukire a PEA, alangizi amene amayendera sukulu za m'zoni. Ntchitoyi ikufanana pang'ono, koma kochi wa ku America nthawi zambiri amakhala pasukulu imodzi kapena zochepa, ndipo sayenera kukhala wolemba malipoti oweruza mphunzitsi. Mphunzitsi akamaopa, amaonetsa phunziro lokonzera mlendo, zovuta zake nkuzibisa. Zikatero kochi alibenso pogwira.

Komabe sindikufuna kukunamizani kuti dzina loti Tier 2 palokha limachiritsa. Mu 2015 nthambi ya kafukufuku ya unduna wa maphunziro ku America inatulutsa lipoti la sukulu 146 m'maboma (states) 13. Inapeza kuti ana a giredi 1 amene anapereweza pang'ono malikisi nkuikidwa pa chithandizo anakhoza mocheperapo poyerekeza ndi anzawo amene anadutsa pang'ono nkutsala m'kalasi. Lipotilo linadzetsa mtsutso, koma chinthu chimodzi chinaonekeratu: sukulu zambiri zinkapereka chithandizocho pa nthawi yomweyo ya phunziro la kuwerenga la kalasi yonse. Chithandizo chimayenera kukhala chowonjezera. Mwana akachotsedwa pa phunziro lalikulu kuti akalandire laling'ono, wamanidwa chakudya nkupatsidwa chokolezera.

Choncho mukapita kusukulu, funso loyamba likhale limeneli: mwana wanga akamapita ku kagulu, anzake amakhala akuphunzira chiyani? Kenako afunseni kuti chamuvuta nchiyani kwenikweni. "Kuwerenga" si yankho. Kodi ndi maliwu a malembo, kulumikiza maliwuwo kuti apange mawu, kuwerenga mosadodoma, kapena kumvetsa nkhani? Funsani amene akuphunzitsa kaguluko, kukula kwake, ndi tsiku limene adzakhale pansi kuunika ngati zikuyenda. Ana a Tier 2 amayesedwa pafupipafupi, ndipo zotsatira zimajambulidwa pa girafu. Pemphani kuiona. Mzere ukakhala wosakwera kwa masabata angapo, chithandizocho chisinthe, asamangobwereza zomwezo.

Dziwaninso kuti ngati mtima wanu ukukuuzani kuti pali vuto lalikulu, monga dyslexia (vuto lokanika kuwerenga ndi kulemba mawu bwino), mungathe kulemba kalata yopempha kuti mwana aunikidwe mokwanira nthawi ina iliyonse. Mu 2011 unduna wa maphunziro ku America unalembera maboma onse kuti masitepewa asagwiritsidwe ntchito pochedwetsa kapena kukaniza kuunika kotere.

Za Chichewa, chonde musasiye. Kulankhula zinenero ziwiri sikuyambitsa vuto la kuwerenga. Chimene chimachitika nchakuti mwana amene akuphunzirabe Chingerezi angathe kuchita mofooka pa mayeso chifukwa mawu ena sakuwadziwa, osati chifukwa mutu ukukanika. Ndiye auzeni aphunzitsi ndi kochiyo momveka kuti kunyumba mumalankhula Chichewa. Auzeninso kuti m'Chichewa mavawelo ndi asanu okha ndipo amamveka chimodzimodzi paliponse, pamene m'Chingerezi lembo limodzi limasintha liwu malinga ndi mawu ake. Zimenezi zingawathandize kumvetsa chifukwa chake mwana amasokoneza maliwu ena. Madzulo muzimufotokozera nthano m'Chichewa, mumufunse chimene chinachitika poyamba ndi chimene chinatsatira, ndipo buku limene wabwera nalo kusukulu akuwerengereni mokweza kwa mphindi khumi.

Mukabwerako ku msonkhanowo mundilemberenso, mundiuze zimene girafuyo ikuonetsa.