Mukufuna kudzikonzera nokha masamba a buku la zithunzi? Yambani mwafunsa osindikiza

Amayi ena anditumizira imelo yokhudza buku la zithunzi, ndipo ndaona kuti yankho lake lingathandizenso ena, n'chifukwa chake ndikuwayankha pano. Akuti ali ndi zithunzi za banja lawo zoposa 600. Zina anajambula ndi foni, zina abale anawatumizira pa WhatsApp, zina ndi zakale za papepala zimene zakhala mu alubamu zaka zambiri. Akufuna kupanga buku limodzi loti akapatse makolo awo. Anayesapo kale kugwiritsa ntchito masamba okonzeratu a kampani ina yosindikiza, koma buku litafika zithunzi zinali zakuda, mutu wa mwana wina unadulidwa pamwamba, ndipo nkhope ya agogo inamira pakati pomwe masamba awiri amakumana. Funso lawo ndi ili: "Ulendo uno ndikufuna ndikonze ndekha tsamba lililonse. Ndigwiritse ntchito pulogalamu yanji, ndipo ndiyambire pati?"

Amayi, zikomo polemba. Za pulogalamu ndikuuzani kutsogoloku, chifukwa si pulogalamu imene inawononga buku lanu loyamba. Mavuto atatu amene mwatchulawo amachokera ku makina: makina odulira mapepala, makina omatira buku, ndi inki ikatera papepala. Ndiye musanatsegule kompyuta, sankhani kaye amene adzakusindikizireni bukulo, muwafunse zinthu izi: kukula kwenikweni kwa tsamba akamaliza kudula, bleed (gawo la chithunzi lopitirira malire a tsamba) imene amafuna, mtundu wa fayilo imene amalandira, ngati akufuna zithunzi mu sRGB (mitundu ya pa sikirini) kapena CMYK (mitundu ya inki zosindikizira), ndiponso mmene amamangira bukulo. Ambiri amakhala ndi template, fayilo yokhala kale ndi miyezo yawo, yoti mungotsitsa pa intaneti. Itengeni. Anthu ambiri amakonza masamba 60 mokongola, kenako n'kumva kuti kampaniyo ilibe buku la saizi imeneyo, ntchito yonse n'kuyambiranso.

Tiyambe ndi mutu wa mwana uja. Masamba a buku sasindikizidwa pa pepala la saizi yake yomaliza. Amasindikizidwa pa pepala lalikulu, kenako mpeni umadula mulu wonse nthawi imodzi, ndipo mpeniwo umatha kuphonya ndi milimita imodzi kapena iwiri. Pofuna kuti m'mphepete musatsale kamzere koyera, chithunzi chimene chikudzaza tsamba lonse chimayenera kupitirira malire a tsambalo, kawirikawiri ndi mamilimita 3 mbali zonse. Gawo lopitiriralo ndi limene osindikiza amati bleed, ndipo limatayidwa, monga telala amasiyira nsalu ya msoko imene pachovala siioneka. Choncho ngati buku lanu ndi la masentimita 20 mbali zonse, tsamba limene mukukonza likhale la 20.6. Ndipo m'kati mwa tsamba mudzijambulire mzere wina, mamilimita 10 kuchokera m'mphepete, umene nkhope ya munthu kapena mawu sizidutsa. Ena amati mamilimita 5 ndi okwanira. Ine ndimakonda 10, chifukwa mawu oyandikira kwambiri m'mphepete amaoneka opanikizika ngakhale mpeni utawalambalala.

Nkhope ya agogo ndi nkhani ya kamangidwe. Buku lomata ndi guluu kumsana silitseguka mpaka kugona, ndiye pakati pamakhala chigwa chimene chimameza pafupifupi sentimita imodzi ya chithunzi, nthawi zina kuposa pamenepo ngati buku ndi lonenepa. Pali mtundu wina umene amati layflat, umene masamba awiri amakhala pepala limodzi lopindidwa pakati, ndipo bukulo limatseguka n'kugona bwinobwino. Limeneli ndi limene limalola chithunzi chimodzi kuyala masamba awiri. Komabe ngakhale pa layflat mzere wopinda umaoneka, ndiye musaudutsitse pamphuno ya munthu. Sunthani chithunzicho mpaka mzerewo ugwere pa khoma, pa mtengo, kapena pa mpata wa pakati pa anthu awiri. Ngati buku lanu ndi lomata, zithunzi za gulu la anthu zikhale tsamba limodzi basi.

Tsopano zithunzi zenizenizo, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene mabuku ambiri amafera.

Chithunzi cha pa foni ndi timadontho tambirimbiri totchedwa ma pixel. Kuti chioneke chakuthwa papepala loti munthu wagwira m'manja, pamafunika ma pixel pafupifupi 300 pa inchi iliyonse, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Njira yachidule ndi iyi: tengani chiwerengero cha ma pixel, muchigawe ndi 118, mupeza masentimita amene chithunzicho chingafike chisanayambe kufooka. Foni ya 12 megapixel imajambula ma pixel pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Mukagawa mupeza masentimita pafupifupi 34 ndi 25. Chithunzi chotero chidzaza tsamba la masentimita 20 popanda vuto. Koma chomwecho chikadutsa pa WhatsApp mwa njira yanthawi zonse, chimafika chitachepetsedwa, nthawi zambiri mbali yaitali ili ndi ma pixel pafupifupi 1600. Gawaninso ndi 118: masentimita 13 ndi theka okha. Pa sikirini ya foni simungaone kusiyana kulikonse, koma pa tsamba lonse la buku tsitsi limaoneka ngati lopakidwa phula ndipo maso amataya kuwala kwake.

Ndiye zithunzi za pa WhatsApp zija, pemphani eni ake akutumizireninso zoyambirira, kudzera pa imelo, pa Google Drive, kapena pa WhatsApp pomwepo koma azitumize ngati document, chifukwa njira imeneyo siichepetsa fayilo. Zotsitsa pa Facebook nazonso zimakhala zochepetsedwa. Ngati choyambirira chinatayika limodzi ndi foni yakale, musachitaye chithunzicho, chiikeni chaching'ono. Chithunzi cha masentimita 9 chakuthwa chimaposa cha masentimita 20 chosaoneka bwino. Mutha kutsika mpaka ma pixel 200 pa inchi ngati chithunzicho ndi chofunika kwambiri, ambiri sangazindikire. Kuchepera pamenepo zimayamba kuonekera. Ndipo musanyengeke ndi kulemba 300 m'kabokosi ka pulogalamu n'kumaganiza kuti chithunzi chakonzeka. Kompyuta imangoyerekeza madontho amene kamera sinajambule. Mapulogalamu a AI okulitsa zithunzi amathandiza pa malo ndi nyumba, koma pa nkhope muzisamala nawo, amatha kukupatsani agogo okhala ndi mano ndi maso amene si awo.

Zakale za papepala muzidutsitse pa sikana, osati kuzijambula ndi foni zili mu alubamu, pulasitiki ikunyezimira. Chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 mukachisikana pa 600 dpi (madontho 600 pa inchi) chimatuluka ndi ma pixel okwanira kusindikiza kawiri kukula kwake. Pukutani galasi la sikana musanayambe, apo ayi kafumbi kalikonse mudzakachotsa ndi dzanja pa kompyuta. Ngati muli ndi iPhone, zithunzi zake zambiri zimakhala za mtundu wa fayilo wotchedwa HEIC, ndipo si osindikiza onse amene amazilandira, ndiye zisandutseni JPEG.

Nanga kuda kuja? Sikirini imatulutsa kuwala kwake, pepala limangobweza kuwala kwa m'chipinda. Ambirife sikirini timaiwalitsa kwambiri, ndiye chithunzi chakuda chimaoneka bwino pamene sichili bwino. Tsitsani kuwala kwa sikirini kufika cha pakati, ikani pepala loyera pambali pake, muone ngati kuyera kwake kukufanana. Mukatero yang'ananinso zithunzi zanu. Zambiri za m'nyumba ndi zamadzulo mupeza kuti zikufuna kuwalitsidwa, makamaka m'mithunzi. Samalani kwambiri nkhope zakuda zojambulidwa kumbuyo kuli zenera kapena thambo lowala, chifukwa kamera imayeza kuwala kwa kumbuyoko, nkhope n'kuisiya mumdima, ndipo papepala imangosanduka chibanthu chakuda. Walitsani mithunzi yokha, osati chithunzi chonse, kuti malaya oyera asapserere.

Za sRGB ndi CMYK musavutike nazo mtima. Makampani ambiri a mabuku a zithunzi amafuna sRGB, yomwe mafoni ndi makamera ambiri amatulutsa kale, ndipo amasintha okha. Mukasintha nokha kupita ku CMYK iwo asanakuuzeni, mitundu itha kusokonekera. Chimene muyenera kudziwiratu ndi chakuti buluu wowala kwambiri ndi mtundu wobiriwira wonyezimira sizituluka papepala monga zimaonekera pa sikirini. Inki siifika pamenepo, ndipo si kulakwa kwa wina aliyense.

Zithunzi 600 sizilowa zonse, Amayi, ndipo zisalowe. Buku la masamba 40 limanyamula bwino zithunzi za pakati pa 80 ndi 120. Ndikudziwa kuti kusiya chithunzi cha m'bale kumawawa, koma tsamba lokhala ndi zithunzi khumi ndi ziwiri palibe amene amaliyang'anitsitsa, amangotembenuza. Pamene munajambula kasanu anthu omwewo ataima pamalo omwewo, sankhani chimodzi. Kawirikawiri chabwino si chimene onse ayang'ana kamera, koma chimene wina akuseka atayang'ana kumbali.

Mukasankha, tengani pepala ndi pensulo. Jambulani timabokosi tiwiritiwiri toimira masamba oyang'anizana, chifukwa munthu akatsegula buku amaona masamba awiri pamodzi, osati limodzi. Kumbukirani kuti m'mabuku ambiri tsamba 1 limakhala kumanja lokha, ndipo awiriawiri amayambira pa 2 ndi 3. Mukaiwala zimenezi masamba onse amasuntha, chithunzi cha ukwati n'kukayang'anizana ndi cha tsiku lina losagwirizana nalo. Dzipangireni makonzedwe atatu kapena anayi okha: chithunzi chimodzi chodzaza tsamba, chimodzi chapakati chozunguliridwa ndi malo oyera, ziwiri zofanana kukula, zinayi zazing'ono. Muzizibwereza m'buku monse. Mpata wa pakati pa zithunzi ukhale umodzimodzi paliponse, mwina mamilimita 4 kapena 5. Diso silidziwa kuwerenga mamilimita, koma mpata ukasiyana limadziwa kuti china chake chapendekeka. Tsamba lodzaza liyang'anizane ndi lopepuka. Munthu amene wayang'ana kumbali ayang'ane m'kati mwa buku, osati kunja. Ndipo musaope malo oyera, simunawononge pepala.

Chenjezo lina: buku la mbali zinayi zofanana limakongola, koma zithunzi za foni zambiri ndi za 4:3 (magawo 4 m'litali, 3 m'lifupi), za makamera akuluakulu 3:2. Kuti cha 4:3 chidzaze tsamba lotero mumataya gawo limodzi mwa magawo anayi, cha 3:2 gawo limodzi mwa atatu. Ngati zithunzi zanu zambiri ndi za magulu a anthu, buku lopingasa lingakuyenereni bwino. Chimene musachite ndi kukoka chithunzi mbali imodzi kuti chikwane m'bokosi. Anthu amanenepa kapena kutalika mwadzidzidzi, ndipo eni ake amaona msanga.

Maluwa, timitima ndi mafelemu okongoletsa ine ndingakulangizeni muzisiye. Lero zimasangalatsa, pakapita zaka khumi zimachititsa manyazi. Chimene sichikalamba ndi mawu a pansi pa chithunzi: dzina, malo, chaka. Zidzukulu zidzafuna kudziwa kuti waima kumanzereyo ndi ndani, ndiye funsani makolo anu panopa, ngakhale mphatsoyo iululike pang'ono. Zilembo zikhale za mtundu umodzi kapena iwiri, kukula 9 mpaka 11 point. Pa sikirini zimaoneka zazing'ono, papepala ndi zokwanira. Ngati mukulemba ŵ, onetsetsani kuti font (mtundu wa zilembo) imene mwasankha ili nacho chilembocho, chifukwa ma font ena alibe ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi. Mawu ang'onoang'ono oyera pa tsamba lakuda apeweni, inki imakonda kuwadya m'mphepete.

Pulogalamu tsopano. Adobe InDesign ndi imene akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito, koma ndi yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo buku limodzi silifuna zonsezo. Affinity imagwira ntchito yofananayo. Scribus ndi yaulere, imadziwa bleed ndi PDF yosindikizira, kungoti imafuna kuleza mtima masiku oyamba. Canva ndi yosavuta kwa woyamba kumene: lembani saizi yanu, yatsani poonetsa bleed, ndipo potsitsa sankhani PDF Print. Microsoft Word ndi PowerPoint zisiyeni, zimakonda kuchepetsa zithunzi mwakachetechete. Ngati kampani yanu siilandira PDF, pali njira ina: tulutsani tsamba lililonse ngati JPEG ya ma pixel okwanira, bleed ili momwemo, kenako pa webusaiti yawo muliike ngati chithunzi chimodzi chodzaza tsamba lopanda kanthu. Tsamba la masentimita 20.6 likhale ndi ma pixel pafupifupi 2433 mbali iliyonse. Pamenepo zimitsani batani lawo lokonza mitundu lokha, lingasinthe zonse zimene munakonza, ngakhale kuyera kwa tsamba.

Chikuto muchikonze pomaliza, chifukwa kunenepa kwa msana kumadalira kuchuluka kwa masamba ndi mtundu wa pepala, ndipo osindikiza ndi amene angakupatseni muyezo wake. Chikuto cholimba chimafunanso gawo lalikulu lopindira m'kati, loposa bleed ya masamba, ndiye pamenepo tsatirani template yawo ndendende. Pepala lonyezimira limatulutsa mitundu yamphamvu koma limagwira zidindo za zala. Losanyezimira limawerengeka bwino, koma zakuda zimaoneka zofewerapo. Buku limene lizidutsa m'manja ambiri ine ndingalisankhire lapakatikati, limene ena amati lustre kapena silk.

Musanalipire, sindikizani masamba awiri kapena atatu pa printer wamba pa saizi yeniyeni, 100%, mudule ndi sizasi potsata malire, muwagwire m'manja. Mitundu siikhala yolondola, koma muona ngati mawu akuwerengeka komanso ngati mitu ili patali ndi mpeni. Mayina onse awerengenso munthu wina, chifukwa inu mwawaona kambirimbiri ndipo diso lanu lizingodumpha cholakwika. Ngati abale ena akufunanso makope awo, itanitsani kaye buku limodzi, muliyang'ane masana pafupi ndi zenera, mukonze zimene zatuluka zakuda, kenako muitanitse otsalawo.