Yankho kwa azakhali pa za chotupa cha m'phapo

Azakhali, ndamva funso lanu loti kodi madokotala angathe kudula kachotupa kamene kaoneka m'phapo la abambo aakulu, popeza khansa ya pakhosi ija anawachotsa kale. Opaleshoni yotereyi imachitika ndithu, koma si kwa wodwala aliyense.

Khansa ya m'kamwa kapena ya pakhosi ikafalikira kutali, kawirikawiri imakafikira m'mapapo, chifukwa magazi onse a m'thupi amadutsa m'menemo. Komabe tisafulumire kunena kuti ndi yomwe ija. Kachotupa kamodzi kangathe kukhala TB, kapena khansa ina yoyambira m'phapo momwemo, makamaka poti abambo aakulu asuta chingambwe zaka zambiri. N'chifukwa chake adzawayeza makhololo, adzawajambula ndi makina a CT oonetsa bwino za m'kati mwa thupi, ndipo mwina adzatapa kanyama kuti akakaunike.

Zikatsimikizika, madokotala sagwira mpeni asanakhutire kuti pakhosi paja sipanaphukenso kanthu, kuti matendawa sanafike ku chiwindi kapena m'mafupa, kuti zotupazo n'zochepa moti zonse zingachoke, ndiponso kuti mapapo otsalawo adzawakwanira kupuma. Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti chotupacho n'chimodzi ndipo chaoneka patapita nthawi yaitali, pakuti odwala otere ndiwo amapindula kwambiri.

Musaope kuti achotsa phapo lonse. Lakumanja lili ndi zigawo 3, lakumanzere 2, ndipo nthawi zambiri amangodula kachidutswa kamene kali ndi chotupacho pamodzi ndi nyama yabwino pang'ono m'mphepete mwake, polowera pakati pa nthiti. Wodwala amadzuka ali ndi paipi m'nthitimo yotulutsira mpweya ndi magazi m'botolo limene limakhala pansi pa bedi, ndipo imachotsedwa pakapita masiku ochepa. Mukadzaiona musadzadzidzimuke.

Ndikupempha kuti asadikire kukolola mapira. Akatenge kalata kuchipatala cha boma ku Chikwawa, akwere Thabwa m'mawa kusanatenthe, apite ku Queen Elizabeth ku Blantyre ali ndi buku lawo la kuchipatala ndi zithunzi zonse zakale. Amene adzawaperekeze akafunse ngati opaleshoniyo ingatheke, komanso kumene ingachitikire. Akakanena kuti singatheke, sikuti awataya, chifukwa pali mankhwala a khansa a m'diripi ndi ena oletsa ululu. Fodya yekhayo asiye lero lomwe, chifukwa amachedwetsa bala kupola.