Funsani Achimwene a Zamakina: Zithunzi za ukwati zikuda bii pa Kindle

FUNSO: Achimwene, ine ndine mayi wa ku Zomba koma pano ndikukhala ku Rosettenville kuno ku Joni, masana ndimagwira ntchito yapakhomo ku Sandton usiku ndimawerenga za sukulu yanga ya UNISA. Mwana wa abwana anandipatsa Kindle Paperwhite yake yakale, kachipangizo kowerengerapo mabuku, ndiye ndinagula kasikana (scanner) kaja kooneka ngati ndodo komakoka pamwamba pa pepala, kuti manotsi anga ndiziwerenga mu taxi kapena magetsi akathima. Ndinaikamonso zithunzi za ukwati wa malemu mayi anga zomwe mlongo wanga anatumiza pa basi. Koma zithunzizo zikutuluka zakuda bii, nkhope ya bambo sikuoneka n'komwe, manotsi nawo zilembo zake tizing'onoting'ono mpaka maso kuwawa. Kodi ndabetsa ndalama? Ndigule sikana yodula?

YANKHO: Mayi, ndalama zanu zisungeni kaye, chifukwa ngakhale mutagula sikana ya mu ofesi ya ma rand masauzande angapo, pa Kindle paja nkhope ya bambo izidzaoneka chimodzimodzi. Tsegulani zithunzi zomwezo pa foni kapena pa kompyuta muone, mwina mupeza kuti zili bwinobwino, vuto lalikulu lili pa sikirini.

Sikirini ya Kindle si ngati ya foni ayi. Imatchedwa E Ink, mkati mwake muli timakapisozi tambirimbiri tokhala ndi tinthu takuda ndi toyera, magetsi pang'ono akadutsa tina timakwera pamwamba tina timatsika pansi, ndiye chithunzi chimakhala pompo osafunanso mphamvu mpaka mutatembenuza peji. N'chifukwa chake batire lake limatha milungu, zomwe tinazikonda kwambiri m'masiku a load shedding aja. Koma ubwino umenewu uli ndi mtengo wake: sikiriniyi imadziwa milingo 16 yokha kuchokera pakuda kufika poyera, pomwe chithunzi wamba chakuda ndi choyera pa kompyuta chimakhala ndi milingo 256. Ndiye taganizani, bambo khungu lakuda, suti yakuda, ataima pamthunzi pakhomo la tchalitchi, zonsezo pa foni zimasiyana pang'onopang'ono koma pa Kindle zimagwera m'milingo iwiri kapena itatu ya pansi ndiye zimangophatikizana kukhala chinthu chimodzi. Kuyera kwakenso si kuyera mbee, n'kotuwa ngati pepala la nyuzi. Chipangizochi anachipangira mawu, zithunzi ndi zongowonjezerapo.

Komabe mutha kuzikonza zikaonekako. Tengani kope la chithunzicho, ndikuti kope osati chenichenicho, mulitsegule mu Snapseed yomwe ndi yaulere, mulisandutse lakuda ndi loyera nokha musanatumize, kenako mukweze shadows ndi brightness mpaka pa foni lizioneka ngati lawala mopitirira, pa Kindle ndiye limakakhala bwino. Dulaninso m'mbali, mtengo wa mango ndi thambo zisadye malo, nkhope zidzaze sikirini. Paperwhite ya mainchesi 6 yokhala ndi 300 ppi, kutanthauza timadontho 300 pa inchesi iliyonse ya sikirini, ili ndi mapikiselo, timadontho timeneti, 1072 m'lifupi ndi 1448 m'litali basi, ndipo ngati yanuyo ndi ya 2012 kapena 2013 ili ndi 212 ppi, choncho kutumizamo chithunzi chosikanidwa pa 900 dpi, timadontho 900 pa inchesi, n'kungodzaza memole ndi kuchedwetsa peji.

Tsopano kasikana kanu ka ndodo. Pa mapepala n'kabwino ndithu, koma kamadalira dzanja lanu, mukakoka mothamanga kapena mokhotakhota mizere imatuluka yopindika, nthawi zina anthu pachithunzi amatalika kapena kufupika. Ikani pepala patebulo losalala, yambirani kunja kwa pepala, kokani pang'onopang'ono osaima pakati, ndipo pukutani kagalasi ka pansiko chifukwa kafumbi kamodzi kamajambula mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi. Koma pa zithunzi za malemu mayi ine sindingakakokepo kameneko, tizimawilo take titha kukala pepala lonyezimira lija, ndipo zimenezo kulibe kokagula zina. Pitani nazo pamalo opangira fotokope pomwe ali ndi sikana yogoneka yagalasi, muwauze apange 600 dpi ya kala ngakhale chithunzicho chili chakuda ndi choyera, akuikireni pa flash. Mukasunge pa Google Drive, pamakhala 15 GB yaulere. Potumizira mlongo wanu pa WhatsApp tumizani ngati document, mukatumiza ngati chithunzi wamba WhatsApp imachifinya.

Za manotsi nkhani yake ndi ya kukula kwa pepala. A4 ndi masentimita 21 kwa 29.7 pomwe sikirini yanu ndi pafupifupi 9 kwa 12, ndiye peji yonse ikalowa mmenemo zilembo zimachepa kupitirira theka, ndipo poti sikani ndi chithunzi chabe Kindle singakulitse zilembozo ngati mmene imachitira ndi buku. Njira yachidule ndi kudula malo oyera a m'mbali ndi kuigoneka Kindle chammbali pa landscape, 300 dpi ndi yokwana. Njira yabwino kuposa imeneyo, ngati manotsiwo ndi otayipa, ikani fayilo pa Google Drive muitsegule ndi Google Docs pa kompyuta, imawerenga zilembo n'kuzisandutsa mawu enieni, mukonze molakwika, musunge ngati Word kapena EPUB, mutumize ndi Send to Kindle, apa zilembo muzikulitsa mmene mukufunira. Chizungu imachigwira bwino, Chichewa muziyang'anitsitsa makamaka ŵ ndi ng', matebulo amasokonekera, ndipo zolemba pamanja musalimbane nazo. Musaiwalenso kuyang'ana pa myUnisa, webusaiti ya ophunzira a UNISA, zambiri za maphunziro anu zimakhalapo kale pa PDF yoyera bwino kuposa sikani iliyonse. Mabuku ogula okha musamachite kusikana n'kumagawa m'magulupu, zimenezo ndi milandu.

FUNSO: Achimwene ndine bambo wa ku Yeoville, ndamva kuti kwabwera ma e-reader a kala, ndimugulire mwana wanga wa Grade 3 kuti asiye kulanda foni ya amake?

YANKHO: Alipodi bambo, Kobo Clara Colour ndi Kindle Colorsoft anatuluka mu 2024, koma musayembekezere kala ya pa TV. Kobo ija imaonetsa mitundu 4096, mawu akuda amakhala pa 300 ppi koma za kala zimatsika kufika 150 ppi, ndipo sikirini yake ndi yoderako kuposa yakuda ndi yoyera choncho nyale yake imafunika kuyatsa kawirikawiri. Pa mabuku a zojambula za ana ndi yabwino ndithu ndipo mulibe TikTok, koma ngati mwanayo foni amailandira makatuni, imeneyi saiyang'ana n'komwe. Pitani naye ku shopu akaigwire kaye musanatulutse ndalama, mufunsenso kavala wake pompo chifukwa pansi pa sikirini ya Clara pali galasi lopyapyala lomwe silichedwa kusweka m'chikwama cha sukulu.