Ndimalipira setilaiti, nanga bwanji aneba a eriyo ali ndi matchanelo amene ine ndilibe?

Mayi wina wa ku Malawi amene akukhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, wanditumizira imelo. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Mwezi ndi mwezi ndimalipira setilaiti, ndipo anandiuza kuti matchanelo a m'dera lathu alimo. Aneba anga salipira kalikonse, anangomata kaeriyo pawindo, koma ali ndi matchanelo a manambala a kadontho, monga 16.2 ndi 57.2, oonetsa mafilimu akale ndi zina. Pa dikoda yanga ambiri mwa amenewa sapezeka. Kodi dishi yanga yapotoka, kapena ndikwere phukusi lodula?"

Achemwali, dishi yanu ili bwinobwino, ndipo musawonjezere ndalama. Ngakhale mutalipira phukusi lapamwamba kwambiri, ambiri mwa matchanelo a kadonthowo sangabwere, chifukwa kampani ya setilaitiyo siiwakweza n'komwe kumwambako.

Tiyambe ndi kumene anachokera. Kale wailesi ya kanema iliyonse ku America inkapatsidwa mpata wa mafunde wa 6 MHz, ndipo mumpatamo munkadutsa tchanelo chimodzi basi. Pa 12 June 2009 mawailesi akuluakulu onse anazimitsa njira yakale ya analogi n'kutsala ndi ya dijito. Mpata unakhala womwewo, koma tsopano umanyamula uthenga wa dijito wa pafupifupi 19.4 Mbps, ndipo eni wailesi amaugawa mmene afunira: chigawo chachikulu kwa tchanelo chawo chenicheni chooneka bwino cha HD, zotsalazo n'kugawira timatchanelo tina titatu, tinayi, pena kuposa apo. Chachikulu chija ndicho chimakhala ndi .1, anzakewo .2, .3 mpaka mtsogolo. Pamenepo panabadwa bizinesi yatsopano. MeTV ya kampani ya Weigel ya ku Chicago, Antenna TV, Cozi TV, Grit, Laff, Bounce, Comet, onsewa ndi matchanelo okhala m'timipata totsalati. Mawailesi osachita malonda a PBS nawo amaikamo PBS Kids, Create ndi World.

Amene munagwiritsako dikoda ya Kiliye Kiliye kapena GOtv kumudzi mukuidziwa kale nzeru imeneyi: nsanja imodzi, eriyo imodzi, matchanelo ambirimbiri. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Malawi mawailesi amatumiza mapulogalamu awo kwa kampani yofalitsa imene imawasonkhanitsa pamodzi, pomwe ku America wailesi iliyonse ili ndi mpata wakewake.

Tsono nkhani yagona pa lamulo. Mu 1999 nyumba ya malamulo ya America inaloleza makampani a setilaiti kuonetsa mawailesi a m'dera kwa anthu a m'dera lomwelo. Lamulolo linabwera ndi chingwe chake, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2002: ukatenga wailesi imodzi ya m'dera, uyenera kutenganso mawailesi ena akuluakulu onse a m'deralo amene apempha. Kungomva chonchi munthu angaganize kuti zonse zalowa. Ayi ndithu. Bungwe loyang'anira zofalitsa mawu la FCC linagamula mu 2001, n'kubwerezanso mu 2005, kuti chokakamizidwa kunyamulidwa ndi tchanelo chachikulu chimodzi cha wailesi iliyonse. Zili ngati khadi yaukwati imene yalembedwa dzina la bambo okha: ana angathe kupita nawo ngati mwini ukwati wavomera, koma sangakafunse mpando ngati ufulu wawo.

Mwina mukuti, chabwino, lamulo silikakamiza, koma bwanji osangowaika kuti makasitomala asangalale? Apa makampaniwa ndimawamvetsa pang'ono, ngakhale kuti pa nkhani ya mitengo sindikhala kumbali yawo. Dziko la America linagawidwa m'misika ya kanema yokwana 210, ndipo mawailesi akuluakulu okha amaposa 1,700. Kampani ya kebo, yotumiza kanema pa waya, imene ili mumzinda wanu imangosamala za mawailesi a mumzindamo. Koma makampani a setilaiti, DirecTV ndi Dish, ayenera kutola siginolo mumsika uliwonse, kuitumiza ku malo awo okwezera, kuiponya ku setilaiti, kenako setilaitiyo n'kuibweza pansi ndi kuwala kopapatiza kolunjika dera lokhalo. Malo pa setilaiti ndi owerengeka, ndipo kuwonjezera si nkhani yogula waya wina, ndi nkhani yoponya chombo china mumlengalenga. Ndiye taganizani kuti MeTV ya ku South Bend ndi MeTV ya ku Seattle zimaonetsa pafupifupi zinthu zofanana, kusiyana malonda a m'dera. Kukweza chinthu chimodzi kambirimbiri sikuwapindulira. N'chifukwa chake ena mwa matchanelowa mumawapeza pa setilaiti ngati tchanelo chimodzi cha dziko lonse, pa nambala ina kutali ndi a m'dera. Musanataye mtima, fufuzani mu gaidi ndi dzina la tchanelolo, osati nambala imene aneba akuuzani.

Palinso ndalama. Wailesi ili ndi njira ziwiri: kuuza kampani ya setilaiti kuti "lamulo likuti undinyamule" koma osalandira kanthu, kapena kunena kuti "ukafuna kundionetsa, tikambirane mtengo". Chisankhochi chimachitika zaka zitatu zilizonse, ndipo mawailesi a ABC, CBS, NBC ndi Fox pafupifupi onse amasankha kukambirana. Pazokambirana zimenezo ndi pamene tchanelo cha kadontho chimalowa kapena kutsala. Akalephera kugwirizana, ngakhale chachikulu chija chimazima kwa masabata, inu n'kumangoona uthenga pa sikirini wa mbali ina kuloza chala inzake.

Kwanu ku South Bend kuli chitsanzo chabwino kwambiri. Kuyambira mu August 2016, Fox ya kumeneko inachoka pa wailesi ya WSJV n'kukakhala pa 22.2, pansi pa WSBT imene imaonetsa CBS pa 22.1. Ndi tchanelo cha kadontho chimenecho, koma pa setilaiti mumachipeza, chifukwa palibe kampani ingayerekeze kugulitsa phukusi lopanda mpira wachimereka wa NFL wa Lamlungu. M'mizinda ing'onoing'ono yambiri zili choncho: ABC, Fox kapena CW imakhala pa .2 ya wailesi ina ndipo imanyamulidwa. Choncho kadonthoko pakokha si chifukwa. Funso limene kampani imadzifunsa ndi lakuti, tikachisiya, ndi angati atithawe?

Malangizo anga ndi akuti muchite zimene achita anebawo. Gulani eriyo. Ya m'nyumba, yopyapyala ngati pepala lolimba ija, nthawi zambiri mtengo wake sufika bilu ya mwezi umodzi wa setilaiti, ndipo mukagula mwagula. Pafupifupi kanema aliyense wogulitsidwa ku America kuyambira mu March 2007 ali kale ndi chipangizo cholandirira dijito mkati mwake. Kumbuyo kwake muona kachitsulo kozungulira ka mazinga, kolembedwa ANT kapena RF. Mangani waya wa eriyo pamenepo, dikoda isiyeni pa HDMI pamene ili. Pa rimoti ya kanema, osati ya dikoda, lowani mu menyu, sankhani Antenna kapena Air, musasankhe Cable, kenako muiuze isake matchanelo. Nsanja za mawailesi a kwanuko zili chakumwera kwa mzinda, ndiye yambani ndi windo loyang'ana kumeneko, ndipo eriyoyo ikhale m'mwamba. Ikangosuntha pang'ono, sakaninso, poti dijito ilibe chithunzi cha mchenga chija tinkapirira nacho kale. Imaoneka bwino, kapena imaduka timabokosi n'kuzimiratu.

Chovuta chake n'chakuti muzisintha pakati pa HDMI ndi TV, komanso simungajambule pulogalamu ya pa eriyo ndi dikoda yanu pokhapokha mutagula kachipangizo kapadera. A Dish ali nako kolowetsa pa USB ya dikoda ya Hopper, ndipo kamaika matchanelo a eriyo mu gaidi yomweyo. Ngati muli ndi kampani inayo, afunseni ngati dikoda yanu ili ndi kofanana nako musanagule chilichonse pa intaneti.

Ngati mukuchita lendi ndipo eriyo ya m'nyumba ikukanika, lamulo la FCC limakulolani kuika eriyo pakhonde kapena pabalikoni imene ili yanuyanu, ndipo alandilodi sangakuletseni popanda chifukwa cha chitetezo. Denga ndi makoma akunja a mdadada wa anthu ambiri sizili m'lamulomo, kumeneko pemphani kaye. Ndipo poti kwanuko chipale chochokera ku nyanja ya Michigan chimakwirira dishi mpaka chithunzi kuzima, eriyoyo idzakuthandizaninso kuona machenjezo a nyengo tsiku limene setilaiti yagona.

Mawailesi amasintha matchanelo a kadonthowa kawirikawiri, lero pali ichi, chaka chamawa china. Pakapita miyezi ingapo, kapena mukaona kuti chimene mumakonda chasowa, bwererani mu menyu musakenso.