Mpopi wa m'bafa ukugwira nyesi koma bureka siikugwa

Funso: Tangolowa m'nyumba ya lendi. Giza ikayatsidwa, mpopi wa m'bafa umagwira nyesi pang'ono, koma palibe bureka imene imagwa. Eni nyumba akuti mawaya ali bwino. Mmisiri amene tikufuna kumuitana ayeze chiyani?
Mayi wa ku Chilinde, Lilongwe

Yankho: Mayi, thimitsani gizayo pa bokosi la mabureka lero lomwe, ndipo isayakenso mpaka itayezedwa. Nthawi zambiri vuto lotere limayamba elementi ya giza (chitsulo chotenthetsa madzi) ikang'aluka, magetsi n'kumadutsira m'madzi. Waya wa ethi, wa mtundu wobiriwira ndi wachikasu uja, ndiye amayenera kuwatengera pansi. Akaduka, njira yotsala ndi paipi ndi thupi la wosamba.

Musadabwe kuti bureka siikugwa. Bureka wamba, ya MCB, imateteza mawaya kuti asapse. Ya ma ampeya 20 (20 A) imadikira mphamvu yoposa pamenepo, pomwe 0.1 A yokha imatha kusokoneza mtima. Choteteza munthu ndi bureka ina yotchedwa RCD, ya 30 mA (0.03 A), imene imayerekeza magetsi opita ndi obwerera, n'kudula ikaona kuti ena akutayikira kwina. Ngati m'bokosimo mulibe RCD, iikidwe. Ngati ilimo, mmisiri aiyeze ndi makina: pa 30 mA idule pasanathe mamilisekondi 300. Inunso muzidina batani lolembedwa T miyezi 6 iliyonse.

Kenaka apite panja pa ndodo ya ethi yokhomeredwa m'nthaka. Apa ndiye pamabisala mavuto ambiri: chomangira chimachita dzimbiri, waya amaduka ndi khasu polima, mwinanso akuba kopa anaudula kalekale. Kuona ndi maso sikukwanira, ayeze. Nambala ya muyesowo ikapitirira ma ohm 200, ndodoyo siyodalirika, ndipo mankhwala ake ndi kukhomera ndodo yaitali kapena kuwonjezera ina. Nthaka ikauma, monga mu Okutobala, nambalayi imakwera, choncho muyeso wa m'dzinja umatha kunamiza. Musalole zothirapo madzi amchere kuti nambala itsike, chifukwa mcherewo umadya ndodo.

Mapaipi achitsulo nawo amayenera kulumikizidwa ku ethi ya m'bokosi ndi waya wa 10 mm², pafupi ndi pomwe paipi yalowera m'nyumba. Cholinga n'chakuti zitsulo zonse zomwe munthu angagwire nthawi imodzi zisasiyane mphamvu. Pulambala akadula paipi yachitsulo n'kulumikiza ndi ya PVC pakati, chitsulo cha kutsogoloko chimatsala chopanda chitetezo. Mmisiri ayeze ngati ethi ndi yolumikizika bwino kuchokera pa bokosi kukafika pa thupi la giza, pa mpopi ndi pa bowo la ethi la soketi iliyonse.

Atathimitsa magetsi onse, ayezenso chikopa cha mawaya ndi elementi pa 500 V DC. Zisatsike pansi pa megaohm imodzi (ma ohm 1,000,000). Aonenso ngati bureka iliyonse ikugwirizana ndi waya wake: 6 A pa waya wa mababu wa 1.5 mm², 20 A pa mzere umodzi wa 2.5 mm². Kuika bureka yaikulu kuti ileke kugwagwa ndiye kumawotcha nyumba.

Itanani mmisiri wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Wobwera ndi tesita ya sikuludiraiva yokha sangayeze chilichonse mwa izi. Akulembereni manambala onse papepala, mukawaonetse eni nyumba.