Maluwa anga akupsa ku Ngabu, ndibzale ati?

Mayi wina wa ku Ngabu watilembera imelo kuti maluwa a rozi asanu omwe anagula ku Blantyre mu Seputembala apsa m'mphepete mwa masamba, ndipo awiri auma ngakhale amawathirira tsiku lililonse. Akufunsa chomwe chavuta ndi maluwa omwe angapirire kuno.

Mayi, pepani. Rozi amakonda malo ozizira ngati Thyolo ndi Zomba, ndipo inu mwamubzala kukamwa kwa dzuwa la Okutobala ndi Novembala, pamene kuno ku Chigwa cha Shire kumatentha kupitirira madigiri 40. Komabe dzuwa ndi theka chabe la vutoli. Theka lina ndi madzi.

Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ili ndi madzi amchere. Mukamathirira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, madzi amauma msanga koma mchere umatsala pamwamba pomwe pali mizu, n'kumaunjikana. Mizu imalephera kumwa ngakhale dothi likuoneka lonyowa. Yang'anani pansi pa duwa: mukaona zoyera ngati phulusa, ndi mchere umenewo. Ndiye thirirani kawiri kapena katatu pa sabata koma mokhutitsa, ndowa ya malita 20 pa bedi la mita imodzi mulitali ndi mulifupi, mmamawa kapena dzuwa litapendeka. Kamodzi pa mwezi thirani ndowa ziwiri kapena zitatu motsatizana kuti mchere utsikire pansi. Madzi a mvula a padenga ndiwo abwino kuposa onse. Akapezeka, sungani m'diramu.

Kutsuka mchereku kumatheka pokhapokha madzi akamalowa pansi, ndipo makande a ku Ngabu salola. Akanyowa amamata, mizu n'kuola; akauma amang'ambika n'kudula mizu. Musakumbe dzenje m'makande n'kudzazamo dothi labwino, chifukwa nthawi ya mvula dzenjelo limasunga madzi ngati mtsuko. Kwezani bedi masentimita 25 mpaka 30. Sakanizani ndowa ziwiri za dothi, imodzi ya mchenga wa kumtsinje ndi imodzi ya manyowa a ng'ombe kapena mbuzi owolerana bwino. Manyowa aawisi amatentha mizu. Pamwamba phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, siyani mpata wa zala zitatu chifukwa cha chiswe.

Nthawi yabwino yobzala ndi Epulo ndi Meyi, mvula itatha ndipo kukuyamba kuzizira, kuti mizu ikhazikike dzuwa lisanakwiye.

Pa maluwa opirira kuno, bougainvillea, uja woyanga wa minga, ndiye woyamba kumuganizira. Dulani kanthambi kokhwima, konenepa ngati pensulo, kotalika masentimita 20, chotsani masamba a m'munsi, kazikeni mumchenga wonyowa pamthunzi. Mizu imatuluka pakatha masabata 6 mpaka 8. Akakhazikika musamusasatitse: madzi ndi manyowa zikachuluka amangobiriwira osachita maluwa. Frangipani, kamtengo ka maluwa onunkhira, nayenso amamera ndi nthambi, koma yotalika masentimita 40, ndipo muiyanike pamthunzi sabata imodzi kuti bala liume, apo ayi imaola. Adenium, uja wa tsinde lotupa ndi maluwa ofiirira, amafuna mchenga wambiri ndi madzi ochepa kwambiri. Utomoni wake ndi poizoni, ana asamaseweretse.

Pa maluwa afupiafupi, portulaca ndi vinca sapatsa chintchito. Portulaca mumangothyola kanthambi n'kubaya pansi. Zinnia ndi marigold fesani mbewu: zinnia amamera pasanathe sabata ndipo amachita maluwa pakatha miyezi iwiri. Muzithothola maluwa ofota kuti ena atuluke. Oleander, chitsamba cha masamba aatali oonda, amapirira ndithu, koma ife sitimulimbikitsa pakhomo pomwe pali mbuzi ndi ana, poti mbali yake iliyonse ndi yakupha.

Nsabwe za m'masamba zikabwera, sinjani masamba a nimu kilogalamu imodzi, viikani m'malita 5 a madzi usiku wonse, sefani, onjezani sopo pang'ono, poperani madzulo. Mpanda usasowe, mbuzi sizisankha.

Rozi atatu otsalawo azuleni ndi dothi lake madzulo, muwaike m'ndowa zoboola pansi, kummawa kwa nyumba komwe dzuwa la masana silifika, ndipo dulani nthambi zouma. Pewani ndowa zakuda ndi matayala pamtetete, chifukwa zikatentha zimaphika mizu. Rozi amenewa muziwapatsa madzi a mvula kapena a mumtsinje, ndipo muyembekezere maluwa ake abwino mu Juni ndi Julayi.