Musagule amp ina, samalani ma ohm ndi waya

Achimwene, mwafunsa ngati receiver yanu ya 80W (bokosi lomwe limalandira mawu a TV n'kuwatumiza kumasipika) ingakwanitse sipika yapakati (Center) yolembedwa 120W ndi 6 ohm, kapena mugule amp yapadera, chipangizo chokuzira mawu. Ikwanitsa bwinobwino.

Amene akukuuzani kuti mawatsi a amp azifanana ndi a sipika akukusocheretsani. 120W ija ndi malire a mphamvu yomwe sipikayo ingapirire isanapse. Nambala yofunika ndi ya sensitivity, yosonyeza kukula kwa phokoso lomwe sipika imatulutsa ikalandira 1W, ndipo ili m'kabuku kake. Ikakhala 88 dB (dB ndi muyeso wa phokoso), ndiye kuti 1W yokha imatulutsa 88 dB mukakhala mita imodzi kuchokera pa sipika. Pampando wa mamita 3, pafupifupi 10W ikupatsani phokoso lomwelo, ndipo m'fulati za kuno ku Joni aneba agogoda musanafike pamenepo. Kuchoka pa 80W kufika pa 160W mumangowonjezera 3 dB basi. Komanso amp yapadera imafuna receiver yokhala ndi doko la pre-out la Center, potulukira mawu opita ku amp ina. Zotchipa zambiri zilibe, ndiye mungogula katundu wosowa polumikiza.

Chimene chimaotcha tweeter, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu ang'onoang'ono, kawirikawiri ndi kukankha voliyumu mpaka amp kulephera kutulutsa mawu oyera. Mawu akayamba kukhakhala, tsitsani pomwepo. Mawatsi a PMPO, aja amalemba 2000W pakabokosi kopepuka, musawawerengere n'komwe. Funsani a RMS, omwe amasonyeza mphamvu yeniyeni.

Kuseri kwa receiver, pafupi ndi polowetsa mawaya, pamalembedwa 6–16 ohm kapena 4–16 ohm. Sipika yanu ikulowa monsemo. Koma musayerekeze kulumikiza masipika awiri padoko limodzi kuti mawu akule: awiri a 6 ohm amasanduka 3 ohm, receiver imatentha n'kuzima yokha, ina imalemba Protect.

Waya akhale wa mkuwa weniweni, wolembedwa OFC. Wa 1.5 mm² akwanira ngati sipika ili pansi pa TV pompo; kupyola mamita 10 tengani wa 2.5 mm². Chenjerani ndi wa CCA, yemwe ndi aluminiyamu wokutidwa mkuwa. Palani kachingwe kamodzi ndi mpeni, mkati mukaoneka moyera ndi yemweyo. Amathothoka msanga polumikiza ndipo amadya mphamvu kuposa wa mkuwa.

Polumikiza, yambani mwazimitsa receiver. Sendani sentimita imodzi, potani tizingwe tonse pamodzi, mangani zolimba. Kachingwe kamodzi kakasokonekera n'kukhudza doko linalo, receiver ikhoza kupsa. Chofiira kuchofiira, chakuda kuchakuda mbali zonse ziwiri. Mukasinthanitsa, mawu a anthu amamveka opyapyala, ngati akuchokera kutali. Ngati waya alibe mzere wosonyeza mbali, mutuleni ku receiver, gwirizitsani nsonga zake pa batire la AA kwa kamphindi: koni, gawo la sipika lomwe limanjenjemera, ikatulukira kunja, nsonga yomwe ili pa + ya batire ndiye ya kofiira.

Mu menyu ya receiver ikani Center pa Small, crossover (malire omwe mawu a besi amalekera kupita ku sipikayo) pa 80 Hz, kapena 100 Hz ngati sipikayo ndi yaing'ono. Yendetsani pulogalamu yokonza mawu pogwiritsa ntchito maikolofoni ya receiver, yotchedwa Audyssey pa Denon kapena YPAO pa Yamaha, kenako kwezani Center ndi 2 dB ngati zoyankhula zikumirabe. Sipika isabisike mkati mwa kabati, ikokereni kutsogolo kwenikweni kwa shelefu ndipo iloze kumakutu. Receiver nayo isiyireni mpata pamwamba kuti izipuma.

Ndalama ya amp ija gulirani surge protector yabwino, yoteteza zipangizo magetsi akadumpha. Magetsi akamabwerera pambuyo pa load shedding amatha kudumpha, ndipo mphenzi za dzinja kuno zimaononga zipangizo zambiri. Mitambo ikada, zulani pulagi kukhoma. Mukagula receiver yakale pa Facebook Marketplace, onetsetsani kuti kuseri kwalembedwa 230V, chifukwa zochokera ku America ndi za 120V.